Mwendo wa Nkhandwe

Woyendetsa lole wina anafika kuchipatala cha ziweto thukuta lili kamukamu, atanyamula thumba lomwe linkaphiriphitha. Anati watola galu m'mbali mwa msewu, waya wa msampha atamudya mwendo. Adokotala, mayi wamfupi wosadziwa kubwerera m'mbuyo, atamasula thumbalo anaona makutu osongoka, kukamwa kwakutali ndi mchira wa ubweya wambiri, woyera kunsonga.

"Bambo, galu wanuyu ndi nkhandwe."

Mkuluyo anabwerera chafutambuyo mpaka kugunda sikelo, n'kunena kuti lole waiimika poipa. Sanaonekenso.

Mlamu wawo wa adokotala, amene ankathandiza kugwira ziweto pamenepo, anati angoibaya jekeseni yoti igoneretu. Ndani angabweretse mbuzi yake pamalo ponunkha chilombo? Adokotala anamva ndithu, koma anali atavala kale magolovesi. Waya uja anali atafika pafupa. Anamudula pang'onopang'ono, natsuka balalo, nalisoka.

Nkhondo inabuka pa kudya. Nkhandweyo inadzipanikiza pakona ya khola lachitsulo, nyama osainunkhiza n'komwe. Anayesa chiwindi, anayesa mazira, koma ayi ndithu. Nthiti zinayamba kuwerengeka. Tsiku lina poisintha bandeji inawaluma padzanja, iwonso n'kukakhala pamzere kuchipatala cha anthu kulandira jekeseni za chiwewe. Amuna awo anaseka kuti odwala ena amathokoza ndi mano, kenaka anawapempha mofatsa kuti aileke.

"Ndayamba kale, bambo. Ikafa ifere m'manja mwanga ndikuyesa."

Poganizira bwino anaona kuti chikuitsiriza si bala ayi, koma maso a anthu ndi kuuwa kwa agalu. Anasamutsira khola kuchipinda chosungira matumba, naliphimba ndi bulangete, naletsa aliyense kusuzumira. Mlamu uja, uku akung'ung'udza, anabwera ndi mbewa zomwe anakola kunyumba kwake. M'mawa mwake m'mbale munalibe kanthu.

Bala litapola, anakweza khola pagalimoto n'kupita kutchire, kutali ndi midzi, kumene oyang'anira nyama anawalozera. Adokotala anakoka chitseko ndi chingwe. Nkhandweyo inayamba yanunkhiza mphepo, kenaka inatuluka motsimphina pang'ono n'kulowa m'udzu osacheuka.

Mlamu anafunsa ngati ikapulumukedi ndi mwendo woterowo. Adokotala anati sakudziwa, koma yapita ndi miyendo inayi. Anakwera galimoto msangamsanga, poti kuchipatala kunali ng'ombe yovutika kubereka ikuwadikira.