Ophunzira a Lachitatu

Marlys ankapinda mabulangete oti agawire anthu amene anathandiza pamaliro, pamene galimoto inaima panja. Munatsika okalamba atatu, aliyense kabuku kali m'manja.

"Amenewa akufunanso chiyani?" anafunsa Orville, mlongo wake wamng'ono.

"Ndi ophunzira a ababa. Lero ndi Lachitatu."

"Si omwewa tinali nawo kumanda? Aiwala?"

Malemu bambo awo, a Delbert Goodthunder, ankaphunzitsa okalambawa kuwerenga Chidakota, chinenero cha makolo awo, m'khitchini momwemo. Okalambawo chinenerocho ankachiyankhula bwino, koma kusukulu yogonera komweko, ali ana, ankamenyedwa akachitchula. Zilembo zake anayamba kuzidziwa imvi zitamera.

Okalamba aja analowa osagogoda, nakhala patebulo. Mayi Verna, wamkulu mwa onsewo, anatsegula kabuku.

"Tinalekezera apa. Ayambe ndani?"

Marlys anayang'ana Orville. Orville anayang'ana kudenga.

"Agogo, ine Chidakota sindimva," anatero Marlys. "Ndinakulira kutauni."

"Zilembo umazidziwa?"

"Zilembo zokha, inde."

"Ife timamva. Khala pansi."

"Achemwali, auzeni zoona," ananong'ona Orville. "Mawa tikubwerera, nyumba tikutseka."

"Uwauze iweyo."

Orville sanawauze. Marlys anakhala, osadziwa ngati akuphunzitsa kapena akuphunzitsidwa. Anawerenga mzere woyamba mojejema. Okalamba aja anaphulika ndi kuseka, mmodzi mpaka kutsokomola.

"Ndalakwa pati?"

"Palembedwa kuti galu wagona pansi pa tebulo," anatero Mayi Verna akupukuta misozi. "Galu ndi shunka. Iwe wati sunka, kutanthauza mlongo wako wamng'ono!"

Onse anatembenukira kwa Orville.

"Nanga ine ndalowamo bwanji?"

Kuseka kutatha, Marlys anayesanso, koma zilembo zinasungunuka m'maso mwake.

"Sindingathe, agogo. Sindikudziwa n'komwe mmene ababa ankachitira."

Mayi Verna anadzuka. Anagwira ngodya ya tebulo, nayamba kutsika pang'onopang'ono, mawondo akulira. Orville anathamanga kuti awagwire, poyesa kuti akugwa. Iwo anamukankha dzanja, nagwada pambali pa mpando wa Marlys, mutu wawo kufupi ndi chigongono chake.

"Bambo ako ankatere, kwa aliyense wa ife. Ankati aphunzitsi otiimirira pamutu tinatopa nawo tili ana."

Anaika chala pansi pa liwu loyamba, nadikira.