Mmene Ndinafewetsera Simenti ya ku Majaua

Ine ndine telala, ndipo vuto la atelala ndi lakuti timaganiza kuti chilichonse chowonongeka padziko pano chimangofuna singano. Dzina langa ndine Gaspar. Ndinabwerera kwathu ku Majaua chakumapeto kwa 1993, nditakhala zaka zisanu ndi ziwiri kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Ndinabwerako ndi makina osokera, bulangete limodzi, ndi mtima wodzimva kuti ndinaona dziko.

Nyumba tinazipeza zitagwa, minda itasanduka tchire, ndipo m'tchiremo munali mamina, mabomba okwirira pansi aja. Tisananyamuke kumsasa anatiphunzitsa mpaka makutu kuwawa: yendani pomwe anzanu aponda kale, pomwe patukuka musapondepo, chinthu chomwe simunaike nokha musachikhudze. Ine ndinkakhala kutsogolo pamaphunzirowo, n'kumagwedeza mutu kuposa aliyense.

Nyumba imodzi yokha inatsala chiimire, loja, ndiye kuti sitolo, yakale yopanda zitseko koma ya simenti pansi. Mayi Constância, namwino wathu, ankasonkhanitsa amayi a makanda mmenemo Lachitatu lililonse, kuyeza ana pasikelo ndi kuwasiya kuti asewere. Ine ndinali ndi ngodya yanga momwemo pamodzi ndi makina anga, choncho ndinkadziyesa wachiwiri kwa namwino, ngakhale panalibe amene anandisankha.

Panali mayi mmodzi, Januária, amene mwana wake Dulce anali ndi miyezi khumi ndi umodzi koma anali asanagundepo pansi. Mwamuna wa Januária anaponda mina akulambula munda wawo, patangotha milungu itatu chibwerereni. Kuyambira tsiku limenelo Dulce sanachoke pathupi pa amake: potunga madzi ali kumbuyo, posinja ali kumbuyo, pogona ali pachifuwa. Anzake a msinkhu wake ankakwawa, iye miyendo ili lende.

"Comadre, mayi mnzanga, mwanayu mumsiyeko pansi," anatero Mayi Constância Lachitatu lina la mwezi wa Juni. "Akapanda kukwawa miyendoyi ilimba liti? Mudzam'bereka mpaka akwatiwe?"

"Simenti ikuzizira," anayankha Januária, maso ali pansi. "Ndipo mwaona za mwana wa Rita."

Zinali zoona. Mlungu wapitawo mwana wa Rita, mmodzi wa amayi a Lachitatu aja, anagwa chagada, mutu gu! pasimenti, n'kutuluka chotupa pankhongo.

Ndinaimitsa makina. "Imeneyo ndisiyireni ine, amayi. Lachitatu likudzali simenti imeneyi muipeza yofewa, ndipo Dulce akwawa ine ndikuona."

Palibe amene anandipempha. Ndinangolonjeza ndekha ndi pakamwa panga.

M'mawa mwake ndinakwera lole ya ku Milange, n'kuwoloka malire kupita ku Muloza kukaona matiresi a siponji. Ndinawadinikiza ndi chala monga munthu amene anagonerapo moyo wake wonse. Wogulitsa atanditchulira mtengo, ndinayamba kum'funsa za mvula ya kwawo, kenaka ndinatsanzika mwaulemu. Pamsika wa Milange ndinaona mphasa, koma bango limatsina tizala ta ana, ndipo likathyoka limabaya. Mkeka unali wosalala, koma pansi pake simenti ikanamvekabe yonse. Zikopa za mbuzi zikanathandiza, koma mbuzi zinatha ndi nkhondo. Za mabulangete sindinayerekeze n'komwe: banja lililonse linali ndi limodzi, ndipo unali mwezi wozizira.

Nzeru inandipeza pobwerera, nditakhala pathumba la munthu wina pamwamba pa lole. Matumba a chimanga cha thandizo analipo nyumba iliyonse. Makoko a chimanga anali mbwee, popeza tinali titangokolola koyamba. Zonsezi zinali zaulere. Ndinaseka ndekha mpaka wokhala naye pafupi anasendera uko.

Masiku anayi ndinasoka. Ndinang'amba makoko tizidutswa, n'kuwatsendera m'matumba khumi ndi awiri. Poganiza za mkodzo wa ana, makokowo ndinayamba ndawamanga m'mapulasitiki okhuthala, n'kumata kukamwa kwake ndi moto kuti dontho lisalowe. Ndinadzitama kuti ngakhale namwino sakanaganiza zimenezi. Sindinauze munthu, chifukwa ndinkafuna adzadzidzimuke ndi chimwemwe. Lachitatu ndinalawirira, n'kuyala matumba onse kuchokera pakhomo mpaka kukhoma, simenti osaonekanso pena paliponse. Pamwamba ndinafunditsa nsalu zotsala pa ntchito zanga. Kenaka ndinavala malaya anga akutchalitchi.

Amayi anafika, n'kuima pakhomo. Palibe analowa.

"Lowani, lowani!" ndinatero, manja ali tambalale. "Lero ndi ku hotela kuno."

Anangoyang'ana pansi. Pansipo panali potukuka apa, potukuka apo, zonse zili pansi pa nsalu.

"Bambo Gaspar," anafunsa Rita, "mwayala nthawi yanji zimenezi?"

"M'mamawa, ndekha."

"Nanga pansi pake waonapo ndani?"

Ndinakwiya, sindibisa. Masiku anayi a msana wanga, munthu n'kumandifunsa ngati wapolisi! Ndinati ndiwaonetse. Ndinaponda thumba loyamba, makoko anati tswa. Amayi anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Ndinayenda mpaka pakati, n'kuyamba kudumpha. "Onani kufewa! Onani!" Ndinadumpha kachitatu, mwamphamvu, miyendo yonse iwiri pathumba limodzi. Mpweya womwe ndinautsekera bwino lomwe m'pulasitiki uja unalibe kotulukira.

Phuu!

Rita anathawa mpaka kumtengo wa mango. Ena anadzigwetsa chafufumimba pafumbi. Ana onse analira nthawi imodzi. Ine ndinali khale pakati pa loja, makoko akugwera pamalaya anga akutchalitchi. Nditakweza maso ndinaona Januária atagwada pakhomo. Dulce anali atam'kokera kutsogolo, n'kumuphimba ndi thupi lake lonse. Sankalira. Ankangotchula dzina la mwamuna wake motsitsa.

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo, ngakhale pamzere wolandira ufa kumsasa. Apo m'pamene ndinazindikira chimene aliyense ankachidziwa kupatula ine. Amayiwo sankabwera m'loja chifukwa cha denga ayi. Ankabwera chifukwa pasimenti palibe angakwirire kanthu. M'Majaua monse, pamenepo pokha m'pamene mayi ankaona pansi ndi maso ake n'kupakhulupirira. Ndiye ine, wophunzira wakutsogolo uja, ndinapaphimba.

Ndinayamba kutola matumba kuti ndikawatenthe.

"Asiyeni," anatero Januária. "Bweretsani lumo."

"Mayi a Dulce, ndikhululukireni, ine..."

"Lumo, bambo Gaspar. Ndipo musole nokha, panja pano, ife tikuona."

Ndinasola misoko yanga yonse, yowongoka bwino ija, ulusi umodziumodzi. Makoko tinawakhuthula pabwalo. Amayi anakhala mozungulira, n'kumapisa manja, kufinya khoko lililonse. Anapezamo zitsononkho zitatu ndi singano yanga imodzi yomwe ndinaifuna mlungu wonse. Pa singanoyo Mayi Constância anangondiyang'ana, ndipo kukanakhala bwino akananditukwana.

Mayi aliyense anadzaza thumba lake, pang'ono chabe, lopyapyala kuti likhale lathyathyathya. Mapulasitiki anati aziwayala pamwamba, poonekera. Anagwirizana kuti aliyense azibwera ndi thumba lake, kusesa simenti yekha, kuyala yekha, ndi kubwerera nalo kwawo. Ine anandipatsa ntchito yolowetsa ulusi pasingano.

Dzuwa litapendeka, Januária analowa m'loja. Anasesa malo ake kawiri. Anapapasa simenti ndi chikhatho, n'kuyala thumba lake, n'kulipapasanso ngodya zonse zinayi. Kenaka anamasula mfundo ya nsalu pachifuwa pake. Mfundoyo inali italimba, anachita kuithandiza ndi mano.

Dulce anakhala pathumbapo akuyang'ana mapazi ake ngati a munthu wina. Makoko anati tswa, amake anadzidzimuka, koma sanam'nyamule. Mwanayo anamenya thumba ndi kadzanja, linatinso tswa, iye n'kuseka. Anaweramira kutsogolo kuti agwire mwana wa Rita, n'kugwa chafufumimba. Anadzutsa mutu, n'kukankha ndi bondo limodzi. Sanakwawe tsiku limenelo, kunama sindingathe. Anangosuntha pang'ono, mwina utali wa chala changa.

Januária anali chigwadire, manja ali m'malere, osadziwa kowaika. Ndinasendera pafupi, ndikuopa kuti nditsegulanso pakamwa panga n'kuwononga zinthu.

"Muli bwino, mayi a Dulce?"

Anapisa dzanja kumbuyo, n'kugwira pamsana pomwe bulauzi inali itanyowa ndi thukuta la mwana.

"Kumsana kuno kukuzizira," anatero. Misozi inali ikutsika, koma maso sanawachotse pa mwanayo.

Ndinatenga nsalu imodzi mwa zotsala zanga zija kuti ndim'funditse. Anaigwira, n'kuikutumula kaye, kuiona mbali zonse ziwiri, kenaka anafunda.