Mapazi m'Madzi Ozizira

Panali chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale Esinati amene timakhala desiki imodzi. Pa mayeso oyeserera a Fomu 4, pepala la Bayoloje ndinalipereka lopanda kanthu. Dzina lokha basi. Ndipo dzinalo ndinayamba ndaliganizira kaye, cholembera chili m'manja, ngati ndi la mlendo. Nditafika kunyumba amayi anandifunsa kuti zayenda bwanji, ine ndinati, "Bwino."

Sikuti sindinkawerenga ayi. Kwathu ku Mgona, nyali ya m'nyumba mwathu ndi imene inkazima pomalizira pa mzere wonse. Njira yake ndinaimva kwa anzanga kusukulu: ukafuna kuti tulo tisakube, umaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira n'kumawerenga. Amayi ataimva anaikonda kwabasi. Ikangokwana naini ankatunga okha madzi a mumtsuko, poti ndiwo amazizira zenizeni, n'kundiikira pansi pa tebulo. M'mawa ndinkawamva pampopi akuuza anzawo kuti, "Ndaziona wanga sagona ayi. Ameneyu ndi wa ku koleji basi."

Ndiye mukanakhala inu, mukanawauza bwanji?

Teremu yachiwiri yonse ndinkagona maola awiri, zikakoma atatu. Kenako zinafika poti ngakhale nditseke buku n'kudziponya pamphasa, tulo osabwera. Mtima kumangogunda ngati ndathamangitsidwa. Masana ndinkalira popanda wondiputa, kuseri kwa chimbudzi cha kusukulu. Wina akaseka kumbuyo kwa kalasi, ine ndinkati akuseka ine. Tsiku lina Esinati anangondigwira paphewa kuti andibwereke rula, ndinamukalipira mpaka kalasi yonse inangoti zii. Chamumtima ndinkati, basi, ndayamba misala. Ndipo mawu amenewa kwathu si oseweretsa, chifukwa cha agogo.

Agogo aamuna, a Kamwendo, bambo awo a amayi, anagwira ntchito ya ulonda zaka zambiri pa nyumba ina yosungiramo fodya ku Kanengo. Usiku kuntchito, masana kukhoma zidebe pakhonde. Chakumapeto ankangolankhula okha ndi kukalipira aliyense wodutsa, anthu n'kumati anawalodza. Anamwalira ndili Sitandade 5. Amayi sakonda kuwatchula.

Usiku wina wa mwezi wa Meyi, kuzizira kutayamba, ndinali pa tsamba limodzimodzi kwa nthawi yaitali. Ndinkawerenga mzere, ndikafika kumapeto ndaiwala poyambira. Sindikudziwa kuti mutu unagwera pabuku nthawi yanji.

Ndinangopezeka ndili pa geti lalikulu lachitsulo. Kunali chifunga, ndi fungo la fodya wouma losakanikirana ndi utsi wa makatoni. Galu osauwa, galimoto osadutsa. Agogo anali atakhala pa njerwa ziwiri, atavala chikhoti chawo chofika m'mawondo, wezulo ili pakhosi, chibonga chili pambali. Maso awo anali ofiira monga mmene ndimawakumbukirira. Ndinagwada chapatali pang'ono. Pansi ponse panali madzi, ozizira mpaka m'mafupa.

"Nachisale," anatero. Ndi iwo okha amene ankandiitana dzina la mfunda.

"Wawa, agogo."

"Ine pano ndinkalondera fodya wa eni ake. Nanga iwe ukulondera chiyani?"

"Ndikuwerenga, agogo. Mayeso ayandikira."

"Tandiuza chimodzi chimene wawerenga."

Ndinayang'ana buku limene linali m'manja mwanga. Masamba ake onse anali oyera, onyowa, akumatirira ku zala.

Agogo anasonkheza kamoto kawo ndi nsonga ya chibonga. Analankhula motsitsa, osandiyang'ana.

"Ankati anandilodza. Palibe anandilodza ine. Usiku ndinkaopa kugona kuti andichotsa ntchito. Masana ndinkachita manyazi kugona kuti anena kuti mwamuna waulesi. Tsiku limene ndinatifuna tulo, tinali titandithawa kalekale. Mutu unatsatira pambuyo."

Ndinayamba kulira, koma kulira kwake kopanda phokoso.

"Mayi ako akukutungira madzi chifukwa sakudziwa. Ine sindinamuuze zanga, anangoona mapeto ake. Iwe ukamuuze."

"Akhumudwa, agogo."

"Akhumudwe uli bwino."

Kenako anaimirira, mawondo akulira ngati kale, n'kuvula chikhoti chija n'kundifunditsa. Chinali cholemera, chofunda, chonunkha utsi.

"Gona. Pageti pali ine."

Ndinadzuka kunja kutayera. Khosi linali litauma, tsaya litamatirira papepala, mapazi atachita dzanzi ndi makwinya. Koma m'mutu munali phee, mmene simunakhalire kwa miyezi. Amayi anali ataima pakhomo la kuchipinda kwawo akumanga chitenje.

"Iii, Ndaziona, wagona? Pabuku? Bwanji osandidzutsa ndikusinthire madzi? Afunda amenewa, n'chifukwa chake."

Anawerama kuti akoke beseni. Ndinawayang'ana pamutu, paliwombo pomwe payamba imvi, ndipo "bwino" uja anali atafika kale pakamwa. Ndinamumeza.

"Amayi, ndalota agogo."

"Agogo ake ati?"

"A Kamwendo."

Anasiya beseni. Panja wina ankakoka ndowa kupita kumpopi, mayi wa nyumba yoyandikana nayo n'kuitana, "Make Ndaziona, lero simutunga?" Amayi anakhala pansi pasimenti pomwepo, anatulutsa mapazi anga m'madzi, limodzi kenako linalo, n'kuwaika pamiyendo pawo. Anayamba kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, pang'onopang'ono.

"Azizira ngati a maliro," anatero chapansipansi. Kenako, osadzutsa mutu: "Akuti chiyani bambo angawo?"

Ine ndine munthu woti ngakhale m'kalasi sindikweza mkono. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

"Akuti ndikuuzeni. Amayi, ine sindili bwino. Sindikugona, ndipo m'mutu mwanga simukulowanso kanthu. Ndimangolira. Pepala la Bayoloje lija sindinalembe, ndinakunamizani. Ndikuopa, amayi. Ndikufuna kugona."