Sitolo Yomaliza ku Tshabalala

Lolemba lililonse bwana wathu amatisonkhanitsa mu ofesi ya ku Donnington n'kutionetsa pakhoma mizere yosonyeza momwe malonda akuyendera. Mzere wa kampani yathu, yogulitsa pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera masitolo, umangokwera mwezi ndi mwezi. Ya makampani opikisana nafe imatsetsereka. Wapansi penipeni, wongokwawa, unali wa Chiukepo, ndipo anthu ankauseka. Ndisaname, inenso ndinkaseka nawo.

Chiukepo ameneyo ndiye anandilandira nditafika m'Bulawayo muno ndi kachikwama kamodzi. Anandigoneka pabalaza pake miyezi isanu n'kundiphunzitsa ntchito ya makompyuta. Kapulogalamu kake anakapanga yekha, ndipo Amalawi anzathu a masitolo ankakadalira. Kampani yaikulu itandikopa ndi galimoto, ndinayamba kutola makasitomala ake mmodzimmodzi. Ndinali nditakwera pamsana pa njovu, za mame ndinaiwala.

Inatsala sitolo imodzi yaikulu, ya Mayi Hadijah ku Tshabalala, ndipo ndiyo inkadyetsa Chiukepo, mkazi wake Sylvia ndi ana awiri. Bwana anandiloza chala. "Lyton, ndi anthu akwanu amenewo. Pita ukamalize."

Ndinawapeza mayiwo pakauntala. "Salibonani, mama," ndinapereka moni wa Chindebele mwaulemu wonse.

"Yebo, mwanangu. Zonyezimira zakozo ndazimva kale. Makina akafa, Chiukepo amabwera pa njinga ngakhale mvula ikugwa. Inu mumati tiimbe nambala n'kumadikira."

Apo ndiye pakamwa panga panathamanga. "Nanga akapita ku Joni, adzabwere pa njinga ndani? Akunyamuka mwezi wamawa. Koma musamuuze kuti mwamva kwa ine."

Linali bodza lamkunkhuniza. Chiukepo ankadana nayo nkhani ya Joni, amene ankaiimba tsiku ndi tsiku anali Sylvia. Mayi Hadijah anapempha cholembera n'kusaina pangano ndi kampani yathu.

Lolemba lotsatira mzere wa Chiukepo panalibenso pakhoma. Anzanga anandiombera m'manja, ine manyazi atandigwira mpaka chakudya chamasana chinandikanika.

Patatha milungu itatu Chiukepo anandiimbira kuti ndimunyamulire katundu kupita kokwerera mabasi ku Renkini, akakwere basi ya kumalire ku Beitbridge. Titafika, anakhala pachikwama chake n'kuyamba.

"Sitolo ija sindikukudandaula nayo, m'bale wanga, unali pa ntchito. Koma pali munthu anauza Mayi Hadijah kuti ndikupita ku Joni. Dzina akana kutchula. Ndani wina amayankhula za Joni kupatula Sylvia? Anafuna andithyole miyendo kuti ndipite, ndiye ndikupita."

"Mwina si iyeyo, achimwene," ndinatero ndi mawu ang'onoang'ono.

"Akulumbira, akulira, koma ine sindine mwana. Ndatuluka m'nyumba osamutsanzika."

Ndikanakonda kunena kuti kondakitala anatidula pakamwa. Ayi, basiyo inakhala pamenepo ola lathunthu kudikira kuti idzaze. Nthawi inalipo yokwanira. Ine ndinamugulira madzi ndi mabanzi, ndinathandiza kukweza chikwama pamwamba, ndinatsutsana ndi anyamata okweza katundu za malo, chilichonse kupatula kunena zoona. Ndinaopa, basi.

Injini italira, anatulutsa mutu pawindo.

"Uzikawaona anawo, Lyton. Koma za kumene ndili, mayi awo usawauze. Ndikukhulupirira iweyo."

Ndinavomera ndi mutu.