Goloboyi Amene Sanatuluke

"Unawaona! Usandinamize, Dorian, unawaona bambo anga akukukodola!"

"Chigoba chakumaso chija chimatchinga, Maelle. Udzachivale tsiku lina uone."

"Chimatchinga maso, chabwino. Makutunso? Anamenya thabwa ndi ndodo mpaka inathyoka!"

Anali m'galimoto kuseri kwa bwalo la hoke, masewero omenya mpira ndi ndodo pa ayezi, injini ikulira, chipale chofewa chikuunjikana pagalasi. Maelle ankangozunguza mphete yachitomero pachala. Dzulo lake timu yomwe bambo ake, a Florent, ankaphunzitsa inagonja ndi chigoli chimodzi n'kutuluka mumpikisano. M'katauni kawo ka ku Quebec ngakhale mwana amadziwa: mukatsalira nthawi ikutha, mphunzitsi amatulutsa goloboyi n'kulowetsa wina wokamwetsa chigoli. Koma goloboyi anangoti chilili pagolo mpaka belu linalira. Goloboyiyo anali Dorian.

Tauni inali itaweruza kale. Pawailesi ankati a Florent akalamba, mutu unawauma. Kogulitsa khofi ankati anaopa kuchititsa manyazi mkamwini. Eni timu anali ataitana a Florent kuti akaonekere mawa lake, ndipo aliyense ankadziwa kuti ntchito yatha. Mkuluyo anangoti chete. Kuneneza wosewera wake sakanatha.

Koma Maelle anakhala kuseri kwa benchi tsikulo. Anaona bambo ake akukuwa mpaka mitsempha yam'khosi kutuluka. Anaonanso Dorian akucheuka, kenaka n'kuweramira pa ayezi. Ndipotu chomwe anamukondera poyamba chinali chomwecho, kuima yekhayekha pagolo ngati mlonda wa mzinda wonse.

"Mawa ukawauze eni timu," anatero. "Zolakwa ali nazo bambo, sindikukana. Ndi aliuma, amakutopetsani ngati abulu. Awachotsere zimenezo, osati bodza."

Dorian anakanda ndevu zomwe anasunga chiyambire mpikisano, monga amachitira osewera onse.

"Iwe sukudziwa. Ndikagwira mpira amati mwayi. Ndikauphonya amati nanga si mkamwini, angamuchotse ndani? M'chipinda chovalira ndikangolowa, 'Takulandirani, mwana wa abwana, tikumangireni nsapato?'"

"Ndiye bambo anga afere zimenezo?"

Dorian anazimitsa injini. Kuzizira kunayamba kulowerera m'mapazi.

"Ndinawaona, Maelle. Ndinawamvanso. Ndinkafuna awachotse. Ndikufuna kusewera pansi pa munthu amene sindidzadya naye Khirisimasi."