Pampu ya Bambo a Laith

Kwathu ku Zarqa, mzinda wa m'dziko la Jordan, madzi amabwera tsiku limodzi pa sabata. Tsikulo aliyense amachapa, kukolopa ndi kudzaza thanki ya padenga kuti afike nayo sabata yotsatira. Koma kwa a Nidal, oyendetsa basi amene tonse timawatchula kuti bambo a Laith, madzi ankangodontha. Nyumba yawo ili chakumtunda kwa msewu wathu, ndipo madzi ankakanika kukwera kudenga.

"Thanki yangofika theka," anadandaula akazi awo, a Suhair. "Ana asamba chiyani? Alendo akabwera ndiwapatsa tiyi wouma?"

 Mawa lake a Nidal anabwera ndi pampu yamagetsi n'kuilumikiza ku paipi yochokera mumsewu. Madzi atabwera, pampu inalira ndipo thanki inadzaza mpaka kusefukira.

"Mwaona, mayi a Laith? Mutu uwu si wongovalapo chipewa ayi!"

Chimwemwecho sichinakhalitse. Hajja Fadwa, mayi wamasiye wa nyumba yomaliza pamwamba pa chitunda, anatsika ndi ndowa yopanda kanthu.

"Bambo a Laith, chiyambire kulira chinthu chanucho, kwanga kukutuluka mpweya wokhawokha. Ndizisamba mphepo?"

"Hajja, kadandauleni ku ofesi ya madzi. Ine ndikungotunga gawo langa."

Patapita masabata ochepa, madzi a m'nyumba mwa a Nidal anayamba kununkha. Kenaka Tala, mwana wawo wa zaka zitatu, anayamba kutsekula m'mimba ndi kusanza. Maso analowa m'kati, kusewera analeka. A Suhair anathamangira naye kuchipatala, kumene anamuika diripi. Namwino anawauza kuti matendawo amachokera ku madzi oipa, ndipo aziwiritsa madzi akumwa.

"Madzi a pampopi angakhale oipa bwanji?" anatero a Nidal atabwerako kuchipatalako. "Akatuluka mwanayu ndikawaonetsa a ofesi aja."

Mawuwa anawamva Rawan, mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo, amene ankaphunzira zauinjiniya wa madzi ku yunivesite. Anali atabweretsa buledi ndi msuzi wa mphodza kuti Laith adye poti amayi ake anali kuchipatala.

"Amalume, ndingaione nawo pampu yanu?"

"Taiona, injiniya. Koma usandiwonongere."

Rawan anatsatira paipi kuchokera pa pampu mpaka pa mita ya madzi. Atatero anapempha paipi yapulasitiki yothirira maluwa, singano, beseni ndi tiyi wotsala m'ketulo. Anaboola kabowo pakati pa paipiyo, anathira tiyi m'beseni n'kumiza paboolapo. Mbali imodzi anailumikiza ku mpopi n'kutsegula, mbali inayo anaitseka pang'ono ndi chala.

"Mukuona chiyani pakabowopo?"

"Madzi akutuluka."

"Tiyi akulowa m'paipi?"

"Angalowe bwanji madzi akukankha kuchokera m'kati?"

Rawan anatseka mpopi mpaka madzi anangotsala kudontha. Anapereka nsonga ya paipi kwa a Nidal. "Tsopano inu mukhale pampu. Yamwani mwamphamvu."

A Nidal anayamwa, nthawi yomweyo n'kulavula. "Aa! Tiyi wozizira! Iwe mwana, ukufuna kundipha?"

Laith anaseka mpaka kugwira khoma, koma Rawan sanaseke.

"Amalume, mapaipi a pansi pa msewu ndi akale, salephera kukhala ndi ming'alu. Madzi akamayenda ndi mphamvu yawo, amakankhira kunja, ndipo zoipa sizingalowe. Koma pampu ikamakoka kuposa madzi amene akubwera, paipi imayamba kuyamwa chilichonse chili m'dothi. Paja pakona paja pamanyowa nthawi zonse, pafupi ndi paipi ya zimbudzi."

A Nidal anakhala pansi pa sitepe. 

"Ndiye kuti Tala wamwa..." Sanamalize. "Ndadwalitsa mwana ndi manja angawa?"

"Simunadziwe, amalume. Ndipo si inu nokha. Pampu zotere zilipo zingapo mumsewu muno. Ndi zomwezo zikulanda madzi a Hajja, chifukwa mphamvu imene inkawakankhira kumtunda ikuthera m'pampu."

"Nanga ndichite chiyani? Ndikachotsa, thanki ya padenga sidzadza."

"Pampu musataye. Ikani thanki ina pansi, pabwalo pano. Madzi a mumsewu azilowamo okha, chifukwa kufika pansi pano sikuwavuta. Pampu izikoka mu thankiyo kukweza kudenga. Thanki ya padenga muitaye madzi, muitsuke ndi mankhwala a kolorini. Ndipo ponyowa paja tikanene ku ofesi ya madzi."

Tsiku lomwelo a Nidal anamasula pampu. Lachisanu, anthu akutuluka mumzikiti, anaitana amuna a mumsewu wathu kunyumba kwawo. Ine ndinalipo, ndipo pampu yotere ndinali nayo. Rawan anabwereza chionetsero chake. A Mazen ogulitsa nyama anakana.

"Zakusukulu izi! Pampu yanga yatha zaka, sindinafe."

"Simunafe, koma pamzere wogula mankhwala kufamase simusowa," anatero a Nidal. Anthu anaseka. "Anzanga, wanga wagona pa diripi. Musadikire kuti wanu agonenso."

A Mazen anang'ung'udza, koma sabata yotsatira tinaona thanki yatsopano ikutsitsidwa pakhomo pawo. Amene analibe malo pabwalo anagwirizana ndi oyandikana nawo kukhala ndi thanki imodzi. A ofesi ya madzi anabwera, anakumba pakona paja, anapeza paipi yong'aluka ndipo anaisintha.

Tala anatuluka m'chipatala ali wowonda, koma posakhalitsa anayambanso kuthamangitsa amphaka mumsewu. Tsiku la madzi litafika, msewu wonse unamva mfuu kuchokera pamwamba pa chitunda.

"Afika! Madzi afika!" Anali Hajja Fadwa, atanyowa manja a diresi mpaka m'zigongono.

A Nidal anakwera chitunda kukapepesa. Hajja anawauza kuti kupepesa kwabwino ndi kuwatsukira thanki, ndipo a Nidal anavula nsapato n'kukwera kudenga.

Paipi ya mumsewu ndi ya tonse. Musalumikize pampu ku paipiyo: mumalanda madzi a anzanu, ndiponso mumakokera zonyansa m'madzi amene ana anu amamwa. Ikani thanki pansi, pampu izikoka m'menemo. Tsukani mathanki anu kawirikawiri, ndipo mukaona paipi ikuchucha kapena madzi akununkha, kaneneni msanga ku ofesi ya madzi.