Mabatani m'Botolo la Mankhwala

Agogo ankaopa chilichonse: soketi ya magetsi, njinga yamoto, ngakhale singano ya makina a mdzukulu wawo, yemwe anali telala. Koma chimene chinawasowetsa mtendere ndi thupi la mdzukuluyo. Nkhope inafufuma, mimba inakula, miyendo n'kumawonda, ndipo akangogunda tebulo pang'ono khungu linkabiriwira. Makasitomala ankamuyang'ana pamimba n'kumamwetulira. Pathupi panalibe.

Dokotala anawafotokozera mofatsa. "Munthu akachita mantha, thupi limathira m'magazi timadzi tina tomugalamutsa. Thupi la awa likuthira osalekeza. Mapiritsiwa saumitsa timadzito, amangotseka zitseko zimene timalowera. Koma pamene akumwa asatenge mimba, ingachoke."

"Zitseko ndiye ndimazidziwa," anatero agogo, omwe sankakhulupirira loko asanamugwedeze okha.

Nkhani ili ndi miyendo. Tsiku lina masana agogo anasuzumira pawindo n'kuona apongozi ake a mdzukuluyo akubwera, mayendedwe ake osapereka moni. Anatsomphola botolo la mankhwala n'kulowa nalo kuchipinda. Potuluka analibwezera pashelefu, nakhala phee pakona.

"Ali kuti mankhwala oletsa mwana wanga kutchedwa bambo?" Apongozi sanadikire mpando. Analiona botolo lija, analigwedeza, linalira, ndipo analiponya pawindo mu ngalande ya madzi oipa. "Sankha, mtsikana iwe. Banja kapena mapiritsi."

Telala anaweramira pamakina ake. Agogo anaimirira.

"Asewere, mwataya mabatani abwinobwino. A malaya a kasitomala."

Anamasula kampango kawo. Mapiritsi onse anali momwemo.

"Ine mapiritsi ndimawaopa kuposa njoka. Ndinamuchenjeza uyu mpaka pakamwa kuuma. Koma ndamuona akulephera kuponda makinawa, ndamuona akudzuka pampando ngati nkhalamba inzanga. Mwana mukumufunayo adzam'bereka ndani kumbuyo? Mtembo?"

"Inu agogo, musalowerere za m'nyumba ya eni."

"Ndinalowerera kale. Matewera ake ndinkachapa ndine, inu munali kuti?"

Apongozi anatembenukira kwa telala. "Ukangomeza, mwana wanga akwatira wina."

Telala anayang'ana manja ake obiriwira aja, kenako anatambasula dzanja kwa agogo.

"Akwatire, amayi. Suti yaukwati abwere nayo kuno, ndidzamusokera. Ndikhala nditachira." Anatenga piritsi limodzi, anathira madzi m'kapu, n'kumeza maso ali pa apongozi.

Apongozi potuluka, chitseko chinamenyetsedwa mpaka tepi yoyezera inagwa pamsomali. Agogo anagwera pampando.

"Imwa pang'onopang'ono, ungatsamwe," anatero. "Ndipo mabatani ajawo usakawatole ndi manja, mu ngalande muja muli mabotolo osweka."